Dzina Limene Mdatchi Anasiya Pakhonde

Mundikhululukire inu amene muwerenge izi. Ine si munthu wolemba. Sukulu yanga inathera kumudzi, ndipo pagulu ndimakhala kumbuyo. Oyenera kulemba za a Nimandi ndi ana awo, kapena a Jafali amene anagona nawo chipinda chimodzi zaka zambiri kuno ku Doha. Koma anawo sanaone zimene zinachitika kuno, ndipo a Jafali akuti iwo amangodziwa kukangana nawo, osati kuwalemba. Mwezi uno patha chaka chimwalirireni, ndiye ndati ndiyese. Pamene ndalakwitsa, mukonze.

Dzina langa ndine Limbani. A Nimandi ankanditchula kuti Limbani wosalimba, chifukwa tsiku limene ndinafika m'chipinda chathu ku Al Mansoura ndinaima pakhomo ndi chikwama m'manja mpaka iwo anachita kundikokera mkati. Ndiwo anandipezera ntchito yosamalira maluwa ndi kuthandiza kukhitchini panyumba ina ku Al Messila, pamene iwo anali dalaivala. Anali munthu wamtali, woyererako khungu, watsitsi lofewa la imvi. M'mawa uliwonse ankameza mapiritsi a bipi ndi khofi wopanda shuga, nkhope atakwinya. Ndikawafunsa chifukwa chake sakuthiramo shuga, ankati anthu a mtundu wawo amamwa choncho. Lachisanu, tsiku lathu lopuma, ankagula kachidutswa ka tchizi n'kumadya pang'onopang'ono ngati mankhwala. Pamsomali wa pabedi pawo pankalendewera malaya a olenji amene anagula chaka chija mpira wa dziko lonse unachitikira kuno, chifukwa Adatchi amavala mtundu umenewo.

Ankakonda kunena kuti munthu wosadziwa kumene dzina lake linachokera amafanana ndi sutikesi yopanda chizindikiro pabwalo la ndege, imene imangozungulira palamba anthu onse atapita. Iwo dzina lawo ankalidziwa kumene linachokera. Nkhaniyo ndinaimva kambirimbiri, ndipo sinkasintha ngakhale pang'ono.

Kalekale, ku Dowa kusanabwere msewu, kunafika mzungu pangolo ya ng'ombe kuchokera kumwera. Ena ankati ndi Mbunu, koma a Nimandi ankakana kwamtuwagalu. Ankati anabadwira kutsidya kwa nyanja, kudziko lenileni la Adatchi, ku Joni anangodutsako. Dzina lake linkavuta kutchula, ndiye anthu anangomupatsa lakuti Bwana Kaliwo, poti kaliwo wa fodya sankachoka pakamwa pake. Anamanga nyumba ya njerwa ya khonde lalikulu, anabzala mibulugamu m'mizere, anakumba chitsime, n'kuyamba kulima fodya ndi tirigu. M'nyumbamo ankakhala ndi mayi wina wa m'mudzimo, Nabanda, ndipo kunabadwa mwana wamwamuna woyera. Mwanayo ndiye anali agogo awo a Nimandi. Anakula mpaka kuyamba kuthamanga bambo wake asanamutchule dzina, anthu ankangoti mwana wa Bwana.

Kenako tsiku lina kunafika dona, mkazi wa Bwana Kaliwo wochokera kwawo, atanyamulidwa pamachila. Mudzi wonse unasonkhana kudzaona. Mwana uja ataona anthu ambiri anachita mantha, anathamangira pakhonde n'kukagwira mwendo wa bambo wake. Dona analoza mwanayo ndi ambulera, nafunsa kanthu m'chilankhulo chawo. Pamenepo a Nimandi ankaimirira, ngakhale tili pakati pa kudya, n'kutambasula dzanja m'mwamba. Bwana Kaliwo, iwo ankatero, anaika dzanja pamutu pa mwanayo, anthu onse akuona, nanena mawu amodzi okha: Nimandi. Amayi anaimba nthungululu poona kuti mwana walandira dzina pamaso pa dona.

Sabata yotsatira Nabanda ndi mwana wake anawasamutsira kutsidya kwa mtsinje, atawapatsa ng'ombe yaikazi ndi kang'ombe kake. A Nimandi ankati chimenecho chinali cholowa. Dona uja anabereka ana awiri, wina anafa ndi malungo, winayo anamutenga n'kubwerera naye kwawo. Bwana Kaliwo anatsala yekha mpaka anafera pompo, n'kuikidwa pansi pa mibulugamu yake. Mwala wa pamanda pake anthu anadzautenga n'kukauika pachitsime, ndipo amayi achapirapo zovala mpaka zilembo zonse zinafufutika. Koma mwambo unatsala. Mwana wamwamuna akabadwa m'banjamo, wamkulu amatuluka naye pakhonde, amaika dzanja pamutu pake, n'kutchula mawu omwewo.

Amene sankaopa kuwatsutsa anali a Jafali, mlonda wochokera ku Mangochi, amene ankagona pabedi loyang'anizana ndi lawo. Nkhondo yawo ya tsiku ndi tsiku inali ya eyakoni, makina oziziritsa m'chipinda.

"Mdatchi wathu, tachepetsani chimakina chanucho," a Jafali ankatero atadzikulunga m'bulangete. "Ife Amalawi tikuuma kuno."

"Magazi anga sagwirizana ndi kutentha, achimwene."

"Magazi ake ati? Kadontho kaja? Udzudzu wa ku Dowa unamwa kalekale kameneko."

"Nsanje. Inu agogo anu anakusiyirani chiyani? Fungo la usipa?"

"Khalasi, zatha, bwana mkubwa. Tizizidwe basi, ndife antchito anu."

Tonse tinkaseka. Koma tsiku lina a Jafali anafunsa kuti ngati mzunguyo ankamukonda mwanayo, anamuwolotseranji mtsinje. A Nimandi anakhala sabata yathunthu osawalankhula, mchere pachakudya ankachita kupempha kudzera mwa ine.

Nkhani imene ndikufuna kunena inayamba pamene banja limene tinkaligwirira ntchito linasamuka, m'nyumbamo n'kulowa anthu atsopano. Tinamva kuti bwana wake ndi injiniya, ndipo onse ndi mkazi wake ndi Adatchi. A Nimandi sanakhazikike. Anasita yunifolomu kawiri, anapukuta kabaji ka dzina lawo ka pachifuwa mpaka kunyezimira. Tsiku loyamba tinaima pageti kuwalandira. Bwana anawerenga kabajiko, ananena kanthu kwa madamu m'chilankhulo chawo, onse awiri anaseka pang'ono, kenako madamu anasiya kuseka msanga n'kutipatsa moni mwaulemu.

"Waona?" a Nimandi anandinong'oneza galimoto italowa. "Alidziwa dzinali. Mwina ndi banja lalikulu kwawoko."

Ine kuseka kuja sikunandisangalatse.

Nthawi yomweyo mkazi wa mwana wawo Pitala anali woyembekezera kumudzi, ndipo kuchipatala anati ndi wamwamuna. Uyu ndiye ankayembekezeka kukhala mdzukulu woyamba kutenga dzinalo. A Nimandi anakonza zoti adzamutchule okha pafoni, pa vidiyo, ndipo ankafuna kuti tsiku limenelo adzauze abale onse tanthauzo la dzinalo, chinthu chimene bambo awo ngakhale agogo awo sanachidziwe. Iwo ankaganiza kuti mwina limatanthauza mwana woyamba, kapena wolowa m'malo. Koma kufunsa okha anakana. Ankati munthu wamkulu safunsa za dzina lake yekha, amatuma mwana.

"Iwe umalowa kukhitchini," anandiuza. "Ukawafunse madamu bwinobwino. Usakachite chibwibwi chako chija. Yala, pita."

Ndinawapeza madamu akusenda mbatata. Ndi Chingerezi changa chodukaduka ndinafunsa ngati dzina lakuti Nimandi amalidziwa. Anati inde, ku South Africa kuli mabanja ena amene ali ndi dzina lotero. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo chifukwa cha kukondwa ndinawafotokozera nkhani yonse: machila, ambulera, dzanja pamutu, nthungululu. Ndikulankhula, madamu anaika mpeni pansi.

"Mzungu ameneyo dzina lake linali lomwelo?" anafunsa.

"Ayi, madamu. Lake linali lina, lovuta. Linaiwalika."

"Nanga mkaziyo anafunsa kuti chiyani?"

"Palibe anamva, madamu."

Anapukuta manja pansalu nthawi yaitali. Kenako ananena pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati m'chilankhulo chawo mawu amenewo amatanthauza kuti palibe munthu. Ukagogoda pakhomo m'nyumba mulibe anthu, mawu ake ndi amenewo. Anati akuganiza kuti mkaziyo anafunsa kuti mwanayu ndani, ndipo mwamunayo anayankha kuti si munthu, palibe kanthu. Anapepesa, ngati kuti ananena mawuwo ndi iwo. Anawonjezera kuti mwina akulakwitsa, poti iwo kunalibe. Koma nkhope yawo sinkaoneka ngati ya munthu amene akukayika.

Ndinatuluka panja n'kuyamba kuthirira maluwa amene ndinali nditathirira kale. A Nimandi anali apo pagalaja akupukuta galimoto, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi.

Masabata otsatirawo sindikufuna kudzawaonanso. Madzulo aliwonse m'basi yobwerera ku Al Mansoura ankandigunda ndi chigongono. "Wafunsa?" Ine ndinkangoti nkhaniyo ikufuna tikhale pansi, iwo n'kumaseka kuti mwana wamanyazi ngati ine sanamuonepo. M'mawa ndinkawayang'ana akumeza mapiritsi aja. Nthawi yokayezetsa kuchipatala kuti awonjezere kontirakiti inali pafupi, ndipo chaka chapitacho adokotala anali atawachenjeza kale za mtima. Ndinkaganiza kuti ndikanena, bipi ikwera, ntchito itha, kapena agwa pomwepo ine ndikuona. Ndikapanda kunena, adzaika dzina limenelo pa khanda losalakwa, abale akuimba nthungululu. Ndipo tsiku lina akhoza kuifotokoza nkhaniyo kwa bwana m'galimoto, monyada, bwana n'kuwauza mosawakonzekeretsa.

Ndinawauza a Jafali zonse tili awiri pamasitepe. Ndinkayembekeza kuti aseka mpaka kugwa. Sanaseke.

"Iwe mwana, wandiuziranji zimenezi?" anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikumuseka mkuluyu, koma izi si zoseka ayi." Kenako anati, "Ukamuuze kuti limatanthauza mkango. Ndani angatsutse?"

"Nanga akakathokoza madamu?"

A Jafali anakanda m'mutu. "Ndiye sindikudziwa, mphwanga. Mulungu akuthandize. Koma usakanene ali ndi njala."

Mwana anabadwa Lachiwiri. Abale anagwirizana kuti mwambo uchitike Lachisanu la sabata yotsatira. Lachisanu loyambalo a Nimandi ananditengera kukalesitilanti ka Amwenye kuseri kwa nyumba yathu, anandigulira chapati ndi nyemba, iwo n'kuitanitsa khofi wawo. Nditatha kudya anati, "Tsopano takhala pansi. Nena."

Ndinayang'ana patebulo. Ndinanena zonse monga mmene madamu ananenera, osachotsa, osawonjezera, ngakhale zoti mwina akulakwitsa.

"Bwereza," anatero.

Ndinabwereza.

Anatenga supuni n'kuyamba kutakasa khofi uja, ngakhale munalibe shuga. Anatakasa mpaka anazizira. Kenako anaimirira n'kutuluka padzuwa la masana, chipewa ataiwala pampando. Ndinachitola n'kuwatsatira chapatali, ndikuyang'ana miyendo yawo ngati ikugwedera.

Sabata imeneyo m'chipinda mwathu munali ngati pamaliro. Malaya a olenji anachoka pamsomali. Kabaji ka dzina ankakaika m'thumba, n'kumakavala pokhapokha bwana akutuluka. A Jafali anazimitsiratu eyakoni kuti mwina mkangano uyambe, tonse tinatuluka thukuta, koma a Nimandi anangogona chagada akuyang'ana matabwa a bedi lapamwamba. Pitala akaimba foni kufunsa za dongosolo, ankangoti, "Dikirani kaye." Ine m'mawa uliwonse ndinkadzuka msanga kuti ndione ngati chifuwa chawo chikukwera ndi kutsika.

Lachitatu anandipeza ndikudulira maluwa kumpanda. Anaima kumbuyo kwanga nthawi ndithu.

"Limbani, madamu aja ananenapo chiyani za dzanja?"

"Dzanja liti, bambo?"

"Limene anaika pamutu."

"Sananenepo kanthu."

"Ehe," anatero, n'kubwerera kugalaja.

Lachisanu litafika anavala malaya oyera. Chipinda chathu chili ndi kakhonde kakang'ono kumene timayanika zovala, kokwanira anthu awiri ataima mothinana. Anachotsa zovalazo, anandipatsa foni kuti ndigwire, a Jafali anaima pakhomo. Pafonipo panaoneka khonde la kumudzi litadzaza anthu, Pitala ali pakati atanyamula khanda m'nsalu.

A Nimandi sanazungulire. Anawauza abale awo tanthauzo la mawu aja monga ndinawauzira. Kenako mlongo wawo wamkulu, mayi wokalamba amene anakhala pamkeka kutsogolo, anasendera pafupi ndi foni.

"Achimwene, ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikutukwana ana athu?"

"Mwina," anayankha.

"Ndiye tisinthe. Titenge la kwa Nabanda."

A Nimandi anagwira chitsulo cha khonde.

"Ndaganiza sabata yonse, alongo," anatero. "Pakamwa pa mzungu uja panali mantha ndi mkazi wake, zimenezo tazidziwa. Za dzanja lija sindikudziwa. Mwina ankamuteteza mwanayo, mwina ankamukankha kuti achoke. Palibe amene angatiuze. Koma tandiuzani, iyeyo dzina lake ndani? Alipo akulidziwa pamenepo?"

Palibe amene ankalidziwa.

"Dzina lake mukuchapirapo matewera pachitsime. Ife amene anati palibe, taonani mmene mwadzazira pakhondepo, ena mwachita kukhala pansi. Wina mpaka ali kuno ku Doha, akuyendetsa Mdatchi. Dzinali iye anangolitaya, amene analitola n'kulilera ndi Nabanda. Ndi lathu. Koma mwambo tiukonza. Pitala, ika dzanja pamutu pa mwanayo. Tsopano pakufunika munthu afunse funso la dona lija."

Kumudzi anthu anayang'anizana, palibe amene anafuna kukhala dona. Pamenepo a Jafali anakankha mutu wawo paphewa panga, anaondetsa mawu ngati mzimayi wachizungu, n'kuloza foni ndi hang'ala ya zovala.

"Kodi uyu ndani?"

Ana kumudzi anaphulika kuseka. A Nimandi sanaseke. Anaika chikhatho chawo pagalasi la foni, moti ine sindinkaonanso kanthu koma kumbuyo kwa dzanja lawo.

"Uyu ndi munthu," anatero mokweza. "Dzina lake ndi Nimandi."

Nthungululu zinamveka mpaka Mfilipino wa chipinda choyandikana nafe anasuzumira pawindo.

Madzulo ake anandituma kukagula tiyi wa mkaka, wa shuga wambiri. Atamwa anapuma mozama n'kunena kuti khofi uja sanamukondepo chiyambire, ngakhale tchizi. Malaya a olenji anawasandutsa chopukutira galimoto. Koma eyakoni sanagonje nayo. Ankati kutentha amadana nako paokha, popanda thandizo la Mdatchi aliyense. Kuchipatala anakhoza, kontirakiti anawonjezera, ndipo kabaji kanabwerera pachifuwa.

Anakhala miyezi ingapo akuonetsa aliyense zithunzi za mdzukulu wawo, ngakhale ogulitsa mafuta a galimoto. Kenako m'mawa wina, ndikutsegula paipi ya madzi, ndinamva chidebe chikugwa kugalaja. Ndinawapeza atakhala pansi atatsamira tayala, nsanza ya olenji ili m'manja. Madamu anaitana ambulansi, koma pofika kuchipatala anali atapita. Anati ndi mtima. Bwana ndi madamu anathandiza kuti thupi lipite kumudzi, ndipo anaikidwa kutsidya kwa mtsinje, pafupi ndi Nabanda.

Mpaka lero nthawi zina ndimadzifunsa ngati mawu amene ndinanena kulesitilanti kuja sanafupikitse masiku awo. A Jafali amandikalipira ndikatero. Amati mtima umenewo unatopa ine ndisanabadwe, ndiponso kuti miyezi yomalizayo ndi imene mkuluyo anamwa chinthu chokoma m'mawa. Ndimavomera, koma funsolo limabwerabe.

Bedi lawo linali lapansi, pafupi ndi windo. Katundu wawo tinatumiza kumudzi, panangotsala matiresi opanda nsalu, olowa pakati pamene pankagona msana wawo, ndi msomali wopanda kanthu. Pachitsulo cha kumutu panali kapepala komata kamene analembapo dzina lawo ndi cholembera chakuda, ndipo palibe amene anakamatula. A Jafali anasiya kudandaula za eyakoni. Inkangolira usana ndi usiku pamlingo umene a Nimandi anaisiya, iwo atadzikulunga m'bulangete.

Patapita milungu ingapo kampani imene inatilemba ntchito inabweretsa mnyamata watsopano wochokera ku Ntchisi. Anaima pakhomo ndi chikwama m'manja monga ndinaimira ine. Anayang'ana mabedi onse, kenako analoza lapawindolo.

"Pepani akuluakulu, apa pali munthu?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe yankho limene aliyense akanayankha, lakuti palibe munthu, koma mawuwo anakana kutuluka. Ndinayang'ana a Jafali. Iwo anadzuka, anamatula kapepala kaja mosamala, n'kundipatsa m'manja.

"Panali munthu, mphwanga," anamuuza mnyamatayo. "Dzina lake a Nimandi. Ika chikwamacho, ukhale pansi, uyu Limbani akuuze."

Mnyamatayo anakhala pamatiresi paja, a Jafali anatenga rimoti n'kuchepetsa eyakoni. Linali Lachisanu, pa 31 Okotobala chaka chathachi.